Makompyuta a Pakhomo ku Britain ndi Chiyambi cha Foni Yam'manja

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ku Britain kunabuka luso limene silinkaphunzitsidwa m'makoleji ndiponso linalibe mabwana oliyang'anira, lomwe ndi kulemba mapulogalamu a kompyuta pakhomo, nthawi zambiri m'chipinda chogona, ana akaweruka kusukulu kapena akuluakulu akabwera kuntchito. Pulogalamu ndi mndandanda wa malangizo amene munthu amalemba kuti makina awatsatire limodzi ndi limodzi, ndipo chaka cha 1980 chisanafike ntchito yolemba malangizo otere inali makamaka ya akatswiri a m'mabanki, m'maofesi a boma ndi m'mayunivesite, popeza makompyuta ochepa a pakhomo ochokera ku America, monga Apple II ndi Commodore PET, anali okwera mtengo kwambiri kwa banja wamba. Zinthu zinasintha pamene makampani awiri ang'onoang'ono a mumzinda wa Cambridge, Sinclair Research ndi Acorn Computers, anayamba kupikisana pogulitsa makina otsika mtengo, ndipo mpikisano umenewu ndi umene unabala anthu ambiri opanga masewera a pakompyuta komanso kachipangizo kamene kamayendetsa pafupifupi foni iliyonse yamakono.

Clive Sinclair, mwini wa kampani yoyambayo, anali atadziwika kale ndi mawailesi ang'onoang'ono ndi timakina towerengera masamu, ndipo nzeru yake pa malonda inali yochotsa chilichonse chimene chikanakweza mtengo. M'chaka cha 1980 anatulutsa ZX80 pa mtengo wosakwana mapaundi 100, ndipo mu 1981 anatulutsa ZX81 imene inkagulidwa mapaundi 69.95, kapena mapaundi 49.95 kwa munthu wofuna kulumikiza yekha tizidutswa take. Makinawa analibe sikirini yawoyawo, motero ankalumikizidwa ku wailesi yakanema ya panyumba, ndipo memore yake, kutanthauza malo amene kompyuta imasungamo zimene ikugwirapo ntchito, inali kilobayiti imodzi yokha, yomwe ndi malo okwana zilembo 1,024. Kuchepa kumeneku sikunalepheretse David Horne kulemba mu 1982 masewera a chess okwana mabayiti 672, kutanthauza malo a zilembo 672, amene ankatha kupikisana ndi munthu ngakhale kuti malamulo ena a masewerawo anawasiya chifukwa chosowa malo. Pa 23 April 1982 panabwera ZX Spectrum, yokhala ndi mitundu yowala ndi mabatani a labala, imene inkagulitsidwa mapaundi 125 ikakhala ya makilobayiti 16 ndi mapaundi 175 ikakhala ya makilobayiti 48, ndipo pomafika 1992, pamene analeka kuipanga, makina pafupifupi 5 miliyoni anali atagulidwa.

Chimene chinasiyanitsa makina amenewa ndi ambiri obwera pambuyo pake chinali zimene munthu ankaona akangowayatsa. Pasikirini pankaoneka malo opanda kanthu ndi kachizindikiro kodikira kuti wina alembe lamulo m'chinenero cha BASIC, chimene John Kemeny ndi Thomas Kurtz anakonza mu 1964 ku Dartmouth College ku America kuti ophunzira osadziwa zambiri za makina azitha kuchigwiritsa ntchito. Ngakhale mwana amene ankangofuna kusewera ankayenera kuyamba walemba lamulo lakuti LOAD, ndipo amene waphunzira lamulo limodzi sankachedwa kuyesa lachiwiri, monga PRINT losonyeza mawu pasikirini ndi GO TO lobweza makina pa mzere wina wa pulogalamu. Buku la malangizo limene linkabwera m'katoni linali, kwakukulu, buku lophunzitsa kulemba mapulogalamu, choncho wogula ankatengedwa ngati munthu amene adzapange zake, osati wongolandira zopangidwa ndi ena.

Mapulogalamu ankafalikira m'njira zimene lero zingaoneke zotopetsa. Magazini monga Your Computer ndi Sinclair Programs ankasindikiza masewera athunthu ngati mizere ya zilembo ndi manambala yodzaza masamba angapo, ndipo owerenga ankakhala madzulo onse akukopera mizereyo, wina akuwerenga mokweza ndipo mnzake akudina mabatani. Nambala imodzi ikalakwika, kaya poikopera kapena kumene anasindikiza magaziniyo, pulogalamu yonse inkaima, ndipo wokoperayo ankabwerera pa mzere uliwonse kufufuza polakwika, ntchito imene inkamuphunzitsa mmene pulogalamuyo ikuyendera kuposa mmene buku lililonse likanachitira. Masewera ogula m'sitolo ankabwera pa kaseti yofanana ndi ya nyimbo, imene inkaikidwa m'wailesi ya kaseti yolumikizidwa ku kompyuta ndi nthambo, ndipo kwa mphindi zinayi kapena zisanu m'nyumba munkamveka phokoso lolira mokwera ndi motsika pamene m'mphepete mwa sikirini munkathamanga mizere, poyamba yofiira ndi yobiriwira motuwa, kenako yachikasu ndi yabuluu. Mawu a wailesiyo akakhala otsika pang'ono kapena lamba wa kaseti akakhala wopindika, makina ankalemba uthenga wakuti zalephereka, ndipo munthu ankabweza kaseti n'kuyambiranso. Popeza pulogalamu inali phokoso chabe, mu 1984 wailesi ya BBC Radio 4 inkaulutsa mapulogalamu a kompyuta usiku kuti omvera awajambule pa makaseti awo, ndipo pa chifukwa chomwecho ana asukulu ankakoperana masewera mosavuta, zomwe zinkadandaulitsa kwambiri ogulitsa.

M'malo oterewa munatuluka anyamata amene anasandutsa chizolowezi cha pakhomo kukhala malonda. Matthew Smith wa ku Wallasey, pafupi ndi Liverpool, anali ndi zaka 17 pamene kampani ya Bug-Byte inatulutsa masewera ake a Manic Miner mu 1983, m'mene wosewera ankayendetsa munthu wokumba migodi m'mapanga 20 odzaza ndi zinthu zachilendo, nyimbo ikulira mosalekeza pa makina amene anali ndi kasipika kotulutsa liwu limodzi lokha pa nthawi. Masewera ake otsatira, Jet Set Willy a mu 1984, anatuluka ali ndi zolakwika zimene zinkachititsa kuti munthu asathe kuwamaliza, ndipo kampani yowagulitsa inafalitsa malamulo otchedwa POKE, amene amasintha nambala pamalo amodzi a memore, kuti ogula akonze okha vutolo. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuiganizira, chifukwa ikusonyeza kuti wogulitsa ankadalira kuti wogula ali ndi luso komanso ufulu wolowa m'kati mwa chinthu chimene wagula n'kuchisintha. Abale awiri Tim ndi Chris Stamper a ku Ashby-de-la-Zouch anatulutsa Jetpac mu 1983 ndi Knight Lore mu 1984, ndipo kampani yawo inadzakhala Rare. Richard ndi David Darling anayambitsa Codemasters mu 1986, imene inagulitsa masewera a Dizzy olembedwa ndi mapasa Philip ndi Andrew Oliver. Ndipo ku Dundee, kumene fakitale ya Timex inkapanga makina a Sinclair, David Jones amene anagwirapo ntchito m'fakitaleyo anayambitsa DMA Design, imene inapanga Lemmings mu 1991 ndi Grand Theft Auto mu 1997. Si onse amene zinawayendera bwino, pakuti kampani ya Imagine Software ya ku Liverpool, imene inkawononga ndalama zambiri pa magalimoto ndi kutsatsa malonda, inagwa mu 1984 ojambula a BBC akuonerera. Tiyeneranso kunena kuti otsatsa malonda ankaloza kwambiri anyamata, motero atsikana ambiri amene akanachita bwino pa lusoli sanapatsidwe mpata wofanana.

Kuchepa kwa mphamvu za makina kunali mphunzitsi wamkulu wa anthu amenewa. Chinenero cha BASIC chinali chochedwa kwambiri pa masewera othamanga, choncho olemba aluso ankaphunzira chinenero cha makina enieniwo, chimene chimalankhula mwachindunji ndi purosesa, kachipangizo kamene kamachita masamu onse ndi kutsatira malangizo m'kati mwa kompyuta. Chitsanzo chomveka bwino ndi masewera a Elite, amene David Braben ndi Ian Bell, ophunzira a ku Jesus College ku Cambridge, analemba ndipo kampani ya Acornsoft inawatulutsa mu September 1984 kampani ya Thorn EMI itawakana. M'masewerawa wosewera amayendetsa chombo cha mumlengalenga, kugula ndi kugulitsa katundu pakati pa maiko 2,048 ogawidwa m'magulu asanu ndi atatu, pamene makina amene ankawayendetsa anali ndi makilobayiti 32 okha. Mayina, malo ndi chuma cha maiko onsewa sizikanakwana m'malo ochepa chonchi, choncho awiriwa sanazisunge n'komwe, koma analemba njira ya masamu imene imayamba ndi manambala atatu n'kutulutsa dziko lililonse mofanana nthawi zonse pamene likufunika. Njira imeneyi ikugwiritsidwabe ntchito m'masewera akuluakulu a masiku ano, ndipo inabadwa chifukwa cha kusowa malo, osati chifukwa cha kuchuluka kwa zipangizo.

Makina amene Elite anayambira anali BBC Micro a kampani ya Acorn, imene Hermann Hauser ndi Chris Curry, yemwe kale ankagwira ntchito kwa Sinclair, anayambitsa mu 1978. Bungwe la BBC linkakonza mapulogalamu a pakanema ophunzitsa anthu za makompyuta ndipo linkafuna makina amodzi oti onse azitsatirapo, ndipo akatswiri a Acorn, makamaka Sophie Wilson ndi Steve Furber, anamanga chitsanzo chogwira ntchito pasanathe sabata imodzi n'kupambana mpikisanowo. Makinawa anatuluka kumapeto kwa 1981, boma linathandiza sukulu polipira theka la mtengo wake, ndipo ngakhale poyamba ankayembekezera kugulitsa makina 12,000 okha, anagulitsa pafupifupi 1.5 miliyoni. Anali okwera mtengo kuposa Spectrum, motero ankapezeka kwambiri m'makalasi ndi m'mabanja opeza bwino, koma kufunika kwawo m'mbiri kuli pa zimene zinatsatira.

Pofunafuna purosesa ya makina awo otsatira, akatswiri a Acorn sanakhutire ndi zimene zinali pamsika, ndipo atapita ku Western Design Center ku Arizona n'kuona kuti gulu la anthu ochepa kwambiri linkakonza purosesa m'nyumba wamba, anatsimikiza kuti nawonso angathe. Anatsatira maganizo ochokera ku yunivesite ya California ku Berkeley otchedwa RISC, amene amati purosesa yodziwa malangizo ochepa ndi osavuta, koma yowachita mofulumira, ingapose yodziwa malangizo ambiri ovuta. Wilson anakonza mndandanda wa malangizo, Furber anakonza kamangidwe ka m'kati, ndipo pa 26 April 1985 purosesa yawo yoyamba, yotchedwa ARM, yopangidwa ndi kampani ya VLSI Technology, inafika ku Cambridge n'kugwira ntchito tsiku lomwelo. Inali ndi matiranzisita pafupifupi 25,000, omwe ndi timaswichi ting'onoting'ono ta magetsi, pamene Intel 80386 ya chaka chomwecho inali ndi 275,000. Okonzawo ankafuna kuti isamadye magetsi opitirira wati imodzi, osati poganizira mabatire, koma kuti isatenthe ndipo iikidwe m'chikuto chotchipa cha pulasitiki, ndipo popeza analibe zida zabwino zoyezera, anasiya mpata waukulu kwambiri moti inkadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a wati. Furber atalumikiza chida choyezera magetsi anapeza muvi uli pa ziro, ndipo zinadziwika kuti nthambo yobweretsa magetsi sinali yolumikizika, koma purosesayo inkayendabe ndi timagetsi tochepa tolowera m'miyendo yake yolandirira mauthenga.

Pa nthawi imeneyi n'kuti msika wa makompyuta a pakhomo utakhuta. Kampani ya Olivetti ya ku Italy inapulumutsa Acorn mu 1985 pogula magawo ake, ndipo Sinclair, ataluza ndalama pa kagalimoto kamagetsi ka C5, anagulitsa dzina ndi makina ake kwa kampani ya Amstrad mu April 1986 pa mtengo wa mapaundi 5 miliyoni. M'zaka za m'ma 1990 ana anasamukira ku makina a masewera okhaokha a Nintendo, Sega ndi Sony, amene analibe kiyibodi ndipo sankalola munthu kugulitsa masewera popanda chilolezo cha kampani, pamene m'sukulu phunziro la makompyuta linasanduka lophunzitsa kugwiritsa ntchito mapulogalamu a muofesi. Masewera okhala ndi msika anayamba kufuna magulu a anthu ambiri ndi ndalama zochuluka, ndipo wolemba wa m'chipinda chogona anatsala wopanda pogulitsira.

Purosesa ya ARM ndi imene inapulumuka. Mu November 1990 Acorn, Apple ndi VLSI anakhazikitsa kampani yapadera ya Advanced RISC Machines, imene inayamba ndi mainjiniya 12 m'nyumba yakale ya pafamu m'mudzi wa Swaffham Bulbeck pafupi ndi Cambridge, motsogozedwa ndi Robin Saxby. Kampaniyi inasankha kusamanga fakitale, koma kugulitsa chilolezo cha mapulani ake kwa makampani ena ndi kulandira kangachepe pa purosesa iliyonse yopangidwa. Apple Newton ya mu 1993, kakompyuta kam'manja kolembapo ndi cholembera, sikanagulidwe kwambiri, koma opanga mafoni anaona kuti purosesa yosadya magetsi ndi imene batire yaing'ono imafuna. Nokia 6110 ya mu 1997 inali ndi purosesa yotsatira mapulani a ARM, ndipo ndi foni yomweyo imene inabweretsa masewera a njoka otchedwa Snake, olembedwa ndi Taneli Armanto, omwe m'kuphweka kwawo ankafanana ndi amene ana ankakopera m'magazini zaka khumi ndi zisanu m'mbuyomo. Game Boy Advance ya mu 2001, iPhone ya mu 2007 ndi mafoni a Android zonse zinatsatira njira yomweyo, ndipo mafoni a Tecno, itel ndi Samsung amene amagulitsidwa ku Lilongwe, Blantyre ndi Chipata amayendera mapulani ochokera ku ntchito ya Wilson ndi Furber. Mu 2020 Apple inayamba kuika purosesa za mtundu umenewu m'makompyuta ake a Mac, ndipo chaka chomwecho kompyuta ya Fugaku ya ku Japan, yogwiritsanso ntchito ARM, inakhala yothamanga kuposa zonse padziko lapansi.

Kutsegulidwa kwa App Store, msika wa mapulogalamu wa Apple, mu July 2008, ndi msika wa Android chakumapeto kwa chaka chomwecho, kunabwezera mwayi kwa munthu wogwira ntchito yekha, pakuti tsopano akanatha kufikira ogula m'maiko onse popanda kaseti kapena sitolo, monga anachitira Dong Nguyen wa ku Vietnam ndi masewera ake a Flappy Bird a mu 2013. Komabe mwayi umenewu ndi wosiyana ndi wakale m'njira yofunika kwambiri. Foni ikayatsidwa imaonetsa zithunzi za mapulogalamu omalizidwa ndi khomo la kumsika, osati malo olembapo lamulo. Wofuna kupanga pulogalamu yoti igulitsidwe nthawi zambiri amafunika kompyuta ina yapadera, amalipira madola 99 pachaka kwa Apple kapena madola 25 kamodzi kwa Google, ndipo ntchito yake imayenera kuvomerezedwa ndi eni msika, amene kwa zaka zambiri ankatenga magawo 30 pa 100 a ndalama zogulitsa. Mwini foni wafanana ndi munthu wokhala m'nyumba ya lendi, amene amalipira mokwanira koma sangagumule khoma kapena kuwonjezera chipinda popanda chilolezo. Pali zifukwa zomveka za malamulowa, popeza foni imasunga ndalama ndi zinsinsi za munthu ndipo akuba ndi ambiri, koma zotsatira zake n'zakuti anthu mabiliyoni amene kompyuta yawo yokhayo ndi foni ali ndi makina amphamvu kuposa Spectrum kambirimbiri, koma osawakopa kuti aphunzire kuwalamula.

Vuto lofanana ndi limeneli linali litaonekera kale ku Cambridge komweko, pamene Eben Upton, amene ankayang'anira ophunzira za makompyuta ku St John's College cha m'ma 2006, anaona kuti ofunsira malo akuchepa ndipo ambiri amafika asanalembepo pulogalamu yozama, mosiyana ndi anzawo amene anakulira pa BBC Micro ndi Spectrum. Iye ndi anzake, kuphatikizapo David Braben wa Elite uja, anakhazikitsa Raspberry Pi Foundation, ndipo pa 29 February 2012 anayamba kugulitsa kakompyuta ka madola 35, kokhala pa thabwa limodzi lokwana m'dzanja, koyendera purosesa ya ARM yofanana ndi ya m'mafoni, ndipo mayina a mitundu yake yoyamba, Model A ndi Model B, anatengedwa ku BBC Micro. Mu 2016 BBC inagawa kwaulere timakina ta micro:bit pafupifupi 1 miliyoni kwa ana a zaka 11 ndi 12 ku United Kingdom. Okonda makina akale nawonso sanasiye, pakuti chaka chilichonse pamatuluka masewera atsopano a Spectrum, ndipo mapulogalamu otchedwa emulator, amene amachititsa makina atsopano kutsanzira akale, asunga masewera zikwizikwi amene makaseti awo anawonongeka. Chodabwitsa n'chakuti masewera a mu 1983 ndi osavuta kuwapeza kuposa masewera ambiri a pafoni a mu 2010, amene anasiya kugwira ntchito pamene Apple inasintha dongosolo lake mu 2017 ndi iOS 11, chifukwa akalewo anali m'manja mwa anthu amene anali ndi ufulu wowakopera ndi kuwasunga.

Tsogolo la makompyuta a m'manja limakambidwa kawirikawiri ngati nkhani ya liwiro la purosesa, ukulu wa sikirini ndi nzeru zopangidwa ndi makina, koma nkhani ya amene ali ndi ulamuliro pa chipangizocho ikukulirakulira. Lamulo la European Union lokhudza misika ya pa intaneti linakakamiza Apple mu 2024 kulola misika ina ya mapulogalamu m'maiko a bungwelo, ndipo mu April chaka chomwecho kampaniyo inayamba kulola mapulogalamu otsanzira makina akale a masewera, amene inkawakana kwa zaka zambiri. Pa Android pali mapulogalamu monga Termux amene amalola munthu kulemba ndi kuyendetsa malangizo ake pafoni pomwepo, ndipo mapulani a purosesa otchedwa RISC-V, amene anayamba ku Berkeley mu 2010 ndipo aliyense angawagwiritse ntchito popanda kulipira chilolezo, ayamba kupikisana ndi ARM pa zipangizo zing'onozing'ono. Zonsezi zilipo, koma zimapezedwa ndi munthu amene akudziwa kale chimene akufuna, pamene mwana wa mu 1982 ankakumana ndi chinenero cha BASIC asanachifunefune n'komwe. Opanga mafoni, maboma ndi oyang'anira maphunziro, makamaka m'maiko amene foni ndi kompyuta yoyamba ndiponso yokhayo ya banja, ayenera kuonetsetsa kuti foni yotsika mtengo ikubwera ili ndi chida cholembera mapulogalamu ndi malangizo omveka m'chinenero cha wogula, ndiponso kuti chimene mwana walemba angathe kupatsa mnzake popanda kupempha chilolezo kwa kampani ya kutsidya kwa nyanja.